Athenedwe, anyongedwe... koma kodi anzathu a ku Zambia, Tanzania ndi Mozambique akuchita bwanji pa nkhani yogwiririra?

Nthawi zonse ikatuluka nkhani yoti bambo wina wagwiririra mwana, zomwe anthu amalemba pa Facebook zimakhala zomwezomwezo. Athenedwe ameneyo. Anyongedwe basi. Malamulo athu ngofooka, boma likhwimitse zilango. Kenako amatulukira wina amene anakhalako ku Tanzania kapena ali ndi m'bale wake ku Zambia nkumati kumeneko sanyengerera, zaka 30 pompo. Mkwiyo umenewu ndimaumvetsa ndipo nanenso umandigwira, koma nditayamba kuyika malamulo athu pambali pa a maiko otizungulirawa ndinaona kuti zoti malamulo athu ndi ofewazi sizoona kwenikweni. Matenda athu ali pena, ndipo anzathuwa aliyense ali ndi pomwe anakhoza komanso pomwe akutsimphina kuposa ife.

Papepala ife Amalawi ndife oopsa abale. Lamulo lathu la milandu limati wogwiririra atha kuphedwa kapena kukakhala kundende moyo wake wonse. Wogona ndi mwana nayenso ndi moyo wonse. Chomwe chinali chamanyazi nchoti mpaka 2011 lamuloli linkateteza mtsikana wosafika zaka 13 basi, tangoganizani, wa zaka 14 ankaonedwa ngati wamkulu woti atha kuvomera yekha. Anakweza kufika 16, kenako mu 2023 anasinthanso kufika 18 ndipo pano mwana wamwamuna nayenso akutetezedwa, zomwe kale zinali ngati kulibe. Pakati apo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosafika 18 ndipo ukwati usamachitike pansi pa zaka zimenezo olo makolo atavomera. Nde mukamati malamulo kulibe, alipo ndithu, ena mwa iwo anzathu anachita kubwera pambuyo pathu. Zambia inatseka mpata wa maukwati a ana, kuphatikizapo a pachikhalidwe, kumapeto kwa 2023. Mozambique inapanga lamulo lake loletsa maukwati a ana mu 2019.

Kusiyana kwenikweni kuli apa. Kwathu kuno lamulo limanena pothera chilango koma silinena poyambira, ndiye majisitireti atha kupereka zaka zochepa atamva kuti wolakwayo nkoyamba kupalamula, ali ndi ana, wapepesa, zakutizakuti, ngakhale zaka zapitazi majaji a Khoti Lalikulu akhala akukweza zilango zina mpaka zaka 40. Ku Zambia anaika poyambira, wogona ndi mwana zaka zosachepera 15 kuyambira 2005, ndipo wogwiririra wamkulu anamuikiranso 15 yomweyo pambuyo pake. Ku Tanzania ndiye anakhwimitsa kalekale mu 1998, zaka 30 poyambira, ndipo akagwiririra ali gulu kapena mwanayo akakhala wosafika zaka 10 ndi moyo wonse. Mu 2016 anawonjezeranso kuti wopereka mimba kapena kukwatira mwana wasukulu nayenso ndi zaka 30.

Zimamveka bwino eti? Inenso poyamba ndinkati bola Tanzania. Koma taganizani yemwe amagwiririra ana nthawi zambiri kuti ndi ndani. Si chigawenga chobisala patchire ayi, ndi malume, bambo owapeza, mphunzitsi, neba, abusa, mlamu, munthu amene amagula ndiwo pakhomopo ndi kulipira fizi. Nde mayi wa mwana akauzidwa kuti mukakanena mwamuna wanuyu sadzatulukanso mpaka zaka 30, achibale onse amamukhalira pakhosi, mukufuna kupha banja, ana enawa adya chani, tikambirane pachibale. Mtsikana wasukulu uja amangoti wandipatsa mimba sindikumudziwa, anali wodutsa. Chilango chikakula koma njira yofikira kukhoti ili yokumbikakumbika, chimene chimakula ndi mphamvu yobisa. Sindikunena kuti zilango zichepe, ndisamveke molakwika, ndikungoti zaka 30 zolembedwa m'buku sizimuopsa munthu amene akudziwa kuti mlandu wake uthera pabwalo la ankhoswe.

Komanso Tanzania yomweyo ili ndi chodabwitsa chake. Dziko lomanga munthu zaka 30 chifukwa cha mwana wasukulu ndi lomwenso lamulo lake la maukwati la 1971 limalola mtsikana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, olo wa 14 khoti likalola. Womenyera ufulu wa atsikana wina, Rebeca Gyumi, anakasuma ndipo anawina ku Khoti Lalikulu mu 2016, boma nkuchita apilo, tangoganizani boma kumenyera nkhondo kuti ana azikwatiwa, linagonjanso mu 2019, koma zaka zinapitirira kudutsa aphungu osasintha lamulolo. Ndiye mu 2017 Pulezidenti Magufuli ananena poyera kuti mtsikana wotenga mimba asabwerere kusukulu za boma, osasiyanitsa kuti mimbayo anachita kugwiriridwa kapena ayi, mpaka boma la Samia Suluhu Hassan linadzachotsa chiletsocho mu November 2021. Ife ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka tinali nayo kuyambira 1993, Zambia 1997. Mozambique nayo inali ndi lamulo lake lachilendo losamutsira atsikana oyembekezera kusukulu yausiku, analichotsa mu 2018. Apa ndiye tisadzichepetse, tinaona patali msanga.

Kumene ndimasirira Zambia si pa zaka 15 zija ayi, ndi pa makhoti. Mu 2016 anatsegula makhoti apadera ozenga mwachangu milandu ya nkhanza zoterezi, koyamba ku Kabwe kenako ku Lusaka, ndipo anadzawonjezera m'zigawo zina. Ganizo lake ndi losavuta, mlandu usamakhale pamzere umodzi ndi wakuba nkhuku ndi wa ngongole, komanso mwana asamakakamizidwe kuyima maso ndi maso ndi amene anamuchita chipongwe, azitha kupereka umboni ali chipinda china. Amene anaperekezapo m'bale wake kukhoti akudziwa chimene ndikunena. Mwafika mmawa, akuti wozenga mlandu wapita kumaliro, mubwere pa 14. Pa 14 akuti fayilo sikuoneka. Ulendo wina dokotala amene analemba lipoti anasamutsidwa. Ulendo uliwonse ndi thiransipoti ya anthu awiri atatu, mwana akujomba kusukulu, woganiziridwa uja ali pa belo akuyendayenda m'mudzi momwemo nkumadutsa pakhomo akuimba likhweru. Pofika ulendo wachisanu banja latopa, ndipo mlandu wafa popanda woukana. Palibe amene anachita chinyengo choonekera, nthawi yokha ndiyo yaupha. Ichi nchimene a Zambia anayesa kuchiza ndipo nchinthu choti tikanangokopera osachita manyazi. Nthambi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ija timangoti Victim Support, nayonso iwo anayamba kale cha m'ma 1990, ife tinatsatira pambuyo.

Koma Zambia yomweyo inachita chinthu chimene mpaka pano chimandinyansa ndikachikumbuka. Woimba wina wotchuka anamangidwa mu 2014 chifukwa chogona ndi mtsikana wa zaka 14, khoti linamupatsa zaka 18. Patangotha chaka chimodzi Pulezidenti Lungu anamukhululukira, ndipo ngati kuti sizinakwane anamusankha kukhala kazembe wolimbana ndi nkhanza kwa amayi. Akatswiri a United Nations anadzudzula poyera, ndipo udindowo anadzamuchotsa atamvekanso ndi nkhani zomenya akazi. Nde muone, lamulo labwino, khoti lagwira ntchito yake, siginecha imodzi yafafaniza zonse. Mtsikana wina aliyense ku Zambia amene ankaganiza zokanena anaphunzirapo kanthu tsiku limenelo.

Mozambique ndi imene anthu ambiri kuno sitiidziwa bwino, mwina chifukwa cha Chipwitikizi, timangoidziwa ngati kothawira. Mu 2014 akukonza lamulo latsopano la milandu, mu bilu yawo munatsalira ndime yochokera m'lamulo la atsamunda la 1886 yoti wogwiririra akakwatira mkazi amene wamugwiririrayo chilango chimaimitsidwa. Amayi anayenda m'misewu ya Maputo, phokoso linamveka mpaka kunja, ndimeyo inachotsedwa. Pomva nkhaniyi munthu umafuna kuseka kuti anzathuwa anali kumbuyo bwanji, koma taimani kaye. Ife ndime imeneyo m'buku mwathu mulibe, koma m'makomo mwathu ilimo ndipo ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Wamuwononga mwana wathu, umutenge. Kapena ulipire. Mwana wa zaka 15 akuperekedwa kwa amene anamugwiririra ngati njira yochotsera manyazi pabanja, anthu nkumati nkhani yatha bwino. A Mozambique anali ndi mwayi woti chinthucho chinali cholembedwa, anachiloza nkuchifufuta. Chathuchi chosalembedwa uchifufuta ndi chani? Mwina ndi chifukwa chake Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu ovomereza zimenezi, inkamenya pamene palamenti siifika.

Tsopano nkhani imene amuna ambiri safuna kuimva, kugwiririra m'banja. Ndikudziwa ena ayamba kale kuti mkazi wako ungamugwiririre bwanji, mesa unamukwatira. Kwathu kuno lamulo la maukwati la 2015 limati mwamuna wagwiririra mkazi wake pokhapokha ngati khoti linawalekanitsa kaye. Kutanthauza kuti mkazi amene ali m'nyumba, wangobereka kumene kapena akudwala kapena akudziwa kuti bambowa akuyenda ndi ena ndipo akukana kondomu, lamulo la kugwiririra silimuona bwinobwino. Tanzania ndi chimodzimodzi, pokhapokha atapatukana. Zambia lamulo lake la milandu silitchula mwachindunji. Koma Mozambique, ija timaiona ngati yotsalira ija, m'lamulo lake la 2009 la nkhanza za m'banja inalembamo kuti kugona ndi mkazi wako iye asakufuna ndi mlandu, chilango chake nchochepa inde koma dzina analipereka. South Africa inathetsa chitetezo cha amuna okwatira mu 1993, Namibia mu 2000, Zimbabwe mu 2001. Maiko amenewa mabanja sanathe, anthu akukwatiranabe, ndiye mantha oti likabwera lamulo limeneli ndende zidzadza ndi amuna osalakwa ine sindiwagula. Ife tinaphunzitsidwa kuti banja ndi kupirira ndipo za kuchipinda saulula, ndipo aphungu athu anakulira m'malangizo omwewo, nchifukwa chake akafika pa ndime iyi amayang'ana kumbali.

Nanga wogwiririrayo akakhala wovala yunifomu? Apa ndi pamene dziko limaonekera mtima wake weniweni. October 2019, wapolisi ataphedwa ndi anthu ochita zionetsero kwa Msundwe, apolisi anakhamukira ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu ndipo amayi ndi atsikana ananena kuti anagwiriridwa m'nyumba zawo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza nkutulutsa lipoti, maloya achizimayi a Women Lawyers Association anatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu August 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda anagamula mokomera amayi 18, kuti apatsidwe chipukuta misozi ndipo apolisi analakwa posafufuza. Chigamulo chimenechi nchachikulu, si maiko ambiri kuno kumene amayi akumudzi anagonjetsapo apolisi pakhoti, ndipo chinathandiza kukankha kuti bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, limene lamulo la 2010 linalonjeza, likhazikitsidwe. Koma chipukuta misozi chimachoka m'misonkho yanu ndi yanga, sichichoka m'thumba la wolakwa, ndipo chaka chinatha china nkulowa amayi aja akudikirabe kuona munthu ataima m'bokosi kuyankha mlandu.

Yerekezani ndi Tanzania mu 2024. Kanema wa amuna akugwiririra mtsikana anafala pa intaneti, dziko lonse linakwiya, mkulu wa apolisi m'chigawo cha Dodoma atayankhula zomveka ngati mtsikanayo ndi woyendayenda anthu anamuukira mpaka anasamutsidwa ndipo apolisi anapepesa. Pasanathe miyezi iwiri amuna anayi, mmodzi msilikali wina woyang'anira ndende, anapatsidwa moyo wonse. Liwiro limenelo ndi losiririka, koma funso nlakuti pakanapanda kanema uja zikanayenda choncho? Ku Mozambique mu 2021 bungwe lolimbana ndi katangale la CIP linaulula kuti pandende ya amayi ya Ndlavela oyang'anira ankatulutsa akaidi usiku kukawagulitsa kwa amuna, nduna ya zachilungamo inapitako nkuimitsa akuluakulu a ndendeyo. Ndipo chimphepo cha Idai chitawononga mu 2019, Human Rights Watch inalemba za atsogoleri ena am'madera amene ankauza amayi kuti agone nawo kaye kuti alembedwe pa mndandanda wa chithandizo. Maiko atatu, nkhani zosiyana, koma konseku chimene chinasuntha boma ndi manyazi a pagulu, osati dongosolo loti likanagwira ntchito lokha popanda kamera.

Ndisaiwale ku Joni poti abale athu ambiri ali kumeneko. Ukawerenga lamulo lawo la 2007 umachita kugwedeza mutu, kugwiririra analongosola mokwanira, mwamuna naye atha kugwiriridwa, kugwiritsa ntchito chinthu ndi kugwiririranso, ali ndi kaundula wa opezeka olakwa kuti asamagwire ntchito ndi ana, ndipo mu 2018 khoti lawo lalikulu linachotsa malire a zaka 20 pa milandu ina ya nkhanza zogonana kuti olo wachitiridwa uli mwana utha kukasuma utakula. Ali ndi malo otchedwa Thuthuzela m'zipatala kumene dokotala, wapolisi, wopereka uphungu ndi woimira boma pamlandu amakupeza pamalo amodzi. Koma dziko lomweli apolisi amalandira milandu yogwiririra yopitirira 40,000 chaka chilichonse, zoyeza za DNA zinaunjikana mpaka milandu kumaima, ndipo mu 2019 mtsikana wa payunivesite anagwiriridwa nkuphedwa mkati mwa positi ofesi ku Cape Town ndi wogwira ntchito momwemo. Lamulo labwino kuposa onse, nkhanza zoopsa kuposa onse. Komabe tisathamangire kunena kuti ife bola poti manambala athu ndi ochepa. Nambala ya kupolisi imawerenga amene anafika pakauntala, siwerenga amene anabwezedwa ndi azakhali ake pachipata.

Ganizo la Thuthuzela lija ifenso tili nalo, malo aja a Chikwanekwane ngati aku Queens ku Blantyre ndi zipatala zina zikuluzikulu, ndipo amagwira ntchito yabwino. Vuto ndi mtunda. Mankhwala oteteza ku HIV aja a PEP amafunika kuyamba pasanathe maola 72, oletsa mimba mwadzidzidzi pasanathe masiku asanu, ndipo umboni wa pathupi umatha munthu akasamba ndi kuchapa zovala, chomwe ndi chinthu choyamba chimene aliyense wochitiridwa zoterezi amafuna kuchita. Masiku atatu amenewo ndi omwe banja limathera kukambirana kuti tikanene kapena ayi, kudikira malume abwere, kusaka ya thiransipoti. Anthu ambiri amaganizanso kuti kuchipatala sangakulandire popanda kalata ya kupolisi, ku Tanzania nako fomu yawo ya PF3 yakhala ikuchedwetsa anthu chimodzimodzi, pamene chofunika ndi kuthamangira chithandizo kaye. Manambala a foni aulere okanenera nkhanza aja 116 ndi 5600 alipo koma ndi angati kumudzi amene amawadziwa?

Pa kaganizidwe ka anthu ndiye palibe woseka mnzake, tonse ndife amodzi. Anavala bwanji, amakatani usiku, bwanji sanakuwe, bwanji akunena lero. Mu January 2012 mavenda anavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi mu Lilongwe ndi Blantyre, patatha zaka pafupifupi 20 lamulo la Kamuzu la kavalidwe litachotsedwa. Ku Harare mu 2014 oitanira minibasi anachita zomwezo, ku Johannesburg pa renki ya matakisi mu 2008 zomwezo. Ndipo anthu omwe aja olemba kuti athenedwe akamva za mwana wa zaka zisanu, ndi omwenso amalemba kuti amafuna yekha ameneyo akamva za wa zaka 16, kapena akamva kuti woganiziridwayo ndi abusa awo kapena wa chipani chawo. Mnyamata akanena kuti wagwiriridwa ndiye amangosekedwa. Wapolisi wa pakauntala, nesi, majisitireti, onsewa amachokera pakati pa anthu omwewa, sagwa kumwamba, ndiye funso loti unavala chani limatha kukupeza mkati mwa ofesi imene inakhazikitsidwa kuti ikuteteze.

Mukandifunsa kuti titenge chani kwa ndani, ine ndingatenge makhoti achangu a Zambia mawa lomwe, ndingatenge kulimba mtima kwa Mozambique ndi Zimbabwe potchula kugwiririra kwa m'banja ndi dzina lake, ndipo Chikwanekwane ndingamufikitse pachipatala cha m'boma lililonse osati m'mizinda mokha. Zaka 30 za Tanzania ndingaziganizire kawiri. Chokhululukira anthu oterewa pa tsiku la chikondwerero ndiye ayi.

Pali chinanso chimene sitikamba pomwe tikufananitsa maikowa ngati kuti aliyense ali pachilumba. Malire athu ndi njira zapansi. Munthu akapalamula ku Mchinji madzulo, mmawa ali ku Chipata kwa asuweni ake. Wa ku Mulanje walowa ku Milange, wa ku Dedza angowoloka msewu ali ku Mozambique, wa ku Karonga wawoloka Songwe. Mbali zambiri chiyankhulo nchimodzi, achibale ndi omwewo, palibe amamufunsa chiphaso. Apolisi a mbali ziwirizi amathandizana pena, makamaka akadziwana, koma kubweza munthu mwalamulo ndi nkhani ya makalata odutsa ku malikulu, ndipo fayilo ya mwana wa mlimi siyenda mwachangu pamadesiki amenewo. Amakhala kumeneko chaka, zaka ziwiri, wapolisi amene ankafufuza uja wasamutsidwa, mwana uja anasiya sukulu ali ndi khanda kumbuyo. Kenako tsiku lina pamaliro mumangomuona wabwera, wanenepa, akupereka moni kwa aliyense, ndipo amuna anzake akumusunthira pa benchi kuti akhale.